Mpunga Unawunjikidwa Kanayi

Ndine ndinayambitsa, sindikana. Mpaka lero akulu anga akamva fungo la pilau amandiyang'ana ngati ndinawabera nsapato.

Chaka chimenecho ndinali giredi teni, akulu anga ali ndi laisensi yatsopano koma ntchito njee. Mnzanga wa m'kalasi anali Msilamu. Atate ake anali ndi butchala pa Chongwe ndi galimoto ya kanta yonyamula mbuzi kuchokera ku Kanakantapa, ndipo dalaivala wawo anali atasamukira ku Lusaka. Atamva za akulu anga, mdalayo anati sapereka makiyi kwa munthu amene sanadye naye. Anatiitana tonse awiri Loweruka masana.

Akulu anga mantha anawagwira. "Iwe mfana, umadyako kuja. Niuzeko malamulo yao, nisakachite manyazi."

Ndinawaphunzitsa bwino ndithu. Kusamba m'manja, kudya ndi dzanja lamanja, olo kapu ya madzi kuigwira ndi lomwelo. Kutapa mbali yako ya thireyi, osawoloka kukasaka nyama kwa mnzako. Osauzira chakudya chotentha, osachinyoza, ndipo chimene akuikira osachisiya. Zonsezi zinali zoona. Bodza linali limodzi, laling'ono. Poyamba kudya iwo amati Bismillah, kutchula dzina la Mulungu, ndipo akakhuta amati Alhamdulillah, kuyamika. Ine mawu awiriwo ndinawatembenuza. Akulu anga anawaloweza njira yonse m'minibasi, milomo ikugwedera ngati ali pa mayeso.

Tinakhala pamkeka anthu anayi, thireyi ya mpunga ndi nyama ya mbuzi pakati. Akulu anga anakunga mapewa n'kulengeza kuti, "Alhamdulillah!"

Dzanja la mdala linaima m'mwamba. "Ah, mwadya kale, mwana wanga?"

"Iyayi ba boss, nili na njala maningi."

Mdala anangophethira, n'kunong'ona Bismillah wake chapansipansi, akulu anga osamva. Tinadya. Akulu anga anasesa mbali yawo mpaka thireyi kuwala, ananyambita zala, n'kubwerera m'mbuyo mwaulemu. "Bismillah!"

Nkhope ya mdala inasangalala. "Ooh, manje ndiye mwayamba! Uja unali wolawa chabe?" Anatuma mnzanga kukhitchini, ndipo phiri lina la mpunga linatera patsogolo pa akulu anga. Akulu anga anandiyang'ana. Ine ndinali kalikiliki ndi fupa langa.

Anamaliza phiri lachiwiri thukuta likutsika m'khosi. "Bismillah," anatero, mokweza pang'ono, poganiza kuti mwina poyamba sanamveke. Phiri lachitatu linabwera, ndi chiwindi pamwamba. Apa mnzanga anali atazindikira. Analuma mkombero wa kapu, mapewa akunjenjemera, madzi akutulukira m'mphuno.

"Koma anyamata a kum'mawa mumadya!" anatero mdala. "Uyu ndiye mlendo. Osati uyu mng'ono wanu, amatola ngati nkhuku."

Akulu anga anamasula lamba mobisa, ndi dzanja lamanja, poopa kuphwanya lamulo lina. Bismillah wachitatu anabweretsa phiri lachinayi. Analidya kambewu kamodzikamodzi, maso ali pa denga. Pomaliza mawu anatuluka ngati a mbuzi yomangidwa.

"Bismillah, ba boss. Napapata. Bismillah, nafa."

Mdala anaika sipuni yogawira pansi. "Mwana wanga, mukufuna kunena chiyani kwenikweni?"

"Kuti nakhuta."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira uja woyamba."

"Anakuphunzitsani ndani?"

Chala chinaloza ine. Mdala anaseka mpaka kufufuta misozi ndi mpango, koma atatembenukira kwa ine kuseka kunatha. "Mwana iwe, sewera ndi mpunga wanga mmene ufunira. Dzina la Mulungu usasewere nalo." Pamenepo ndinayang'ana pansi, ndipo sindinabwerezenso. Za mpungazo sindinalape.

Makiyi anawapereka pomwepo. Anati munthu wololera kuphulika mimba kuti asanyoze nyumba ya mwini, mbuzi zake adzazifikitsa zonse. Akulu anga analandira atakhala pansi, chifukwa kuimirira kunakanika.

Mlandu unakathera kunyumba. Amai anagamula kuti Loweruka lililonse, mwezi wathunthu, ndizitsuka kanta ija ikabwera ndi mbuzi. Anthu amaganiza kuti ndi chilango chachikulu, koma ndowe za mbuzi sizivuta, ukangopendeketsa tsache zimagubuduka zokha. Pofika teni koloko ndinkakhala nditamaliza, nditakhala pampando wa dalaivala, chigongono pawindo, ndikuimbira hutala atsikana a ku Chalimbana.