Tadala akubwerera ku Italy

Lachiwiri mlongo wanga anandiitanitsa ku Area 23 kuti, monga malume, ndikalankhule ndi mwana wake Tadala. Mtsikanayu ali ku yunivesite ku Italy, kumene akuphunzira mbiri ya zojambula ndi zosema za dzikolo. Anabwera kutchuthi, mayi ake n'kumubisira pasipoti.

Chifukwa chake? Amayi anzake kutchalitchi amamuseka mlongo wangayo. Akuti ana a anthu akuphunzira unamwino, wake anakwera ndege kukapenya makoma. Tsono ankafuna kuti Tadala atsale, ayambe kosi yodyetsa munthu.

Ndinapita nditaima kale mbali ya mayi. Tadala anatimvetsera osatidula mawu. Kenaka anafotokoza mmene analepherera mayeso oyamba chifukwa cha chilankhulo, n'kukana kubwerera kumudzi, n'kulembanso mpaka kukhoza. Anatiuzanso za tchalitchi china chakale kumene anaona anthu akupukuta khoma ndi kathonje, pang'onopang'ono, kuti nkhope zimene zinajambulidwa makedzana zisafufutike.

"Malume," anatero, "mukukumbukira chithunzi cha mbusa ndi nkhosa zake chimene agogo anajambula muholo ya kutchalitchi kwathu? Anachipaka laimu pokonzekera alendo. Sanafunse aliyense. Ine ndikufuna ndidzakhale munthu amene azidzamufunsa."

Wojambulayo anali bambo athu, malemu tsopano, ndipo palibe china cha dzanja lawo chimene tinatsala nacho. Mlongo wanga anaimirira. Kenaka analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi pasipoti. Anaipereka kwa Tadala.

Awerengi, si mmene tilili ife? Pitani ku Mchesi muone manja a anyamata osema ndi ojambula zikwangwani. Timadutsa osacheuka. Chikakalamba timafufuta, mawa n'kumadandaula kuti zakale zathu zili m'mayiko a eni.

Sindikunamizani, ntchito Tadala adzaivutikira, ndipo iye akudziwa. Koma kodi onse a makosi odyetsa aja ali pantchito?

Ine ndasankha. Loweruka ndimuperekeza kubwalo la ndege, ndipo wofuna kuseka ayambe ndi ine. Mwanayu wadziwa chimene akufuna, ndipo wachivutikira kale kudziko lachilendo, kopanda mbale.

Nanga inu, mwana wanu akadzatchula maphunziro amene anzanu sawamvetsa, mudzamvera mwanayo kapena mudzamvera oseka?