Msana wa mayi Asiya

Mayi Asiya ndi mkazi wamkulu wa amuna anga, a Mustafa. Ine ndine wamng'ono, ndili ndi mwana mmodzi, Latif, amene akuyamwabe. Nyumba zathu zinayang'anizana, pakati pali mtengo wa mango ndi matandala oyanikapo usipa.

Iwo anabadwira ku Maganga, pakhomo pa alimi a mpunga, ndipo anakwatiwa kuno kunyanja asakudziwa ngakhale kutumbula chambo. Lero palibe amene amafutsa usipa kuwaposa. Madzi akawira amangonunkhiza nthunzi, n'kudziwa kuti mchere wakwana. Ogula a ku Lilongwe amafika pakhomo n'kufunsa dzina lawo, ine ndili chiimire pomwepo ndi usipa wanganso. Zimenezo ndimapirira. Chimene chinkandidya mumtima ndi msana wawo.

Mayi Asiya ali ndi nthenda ya pakhungu imene achipatala amati soriyasisi. Inawayamba atabereka mwana wachiwiri, ine ndisanabwere. M'zigongono, m'mawondo ndi kumsana mumatuluka zigamba zokhuthala, pamwamba pake pali mamba otuwa ngati phulusa. Akakanda, mamba aja amayoyoka, pansi pake n'kutuluka timadontho ta magazi ngati abayidwa ndi singano. Amayi ena kumzikiti ankati ndi khate, mpaka anasiya kuwapatsa dzanja.

Mafuta a kuchipatala amafunika kudzola m'mawa uliwonse, ndipo dzanja la munthu silifika pakati pa msana wake. Ndiye ankawadzoza ndi a Mustafa. Pa mitala timagawana masiku, ndipo a Shehe ananena pa ukwati wanga kuti mwamuna asakondere. Koma ngakhale pa masiku anga, abambo akachoka ku swala ya subuhi, pemphero la m'bandakucha kumzikiti, ankapitirira khomo langa n'kukalowa kwa mayi Asiya. Tiyi wanga ankazizira pamphasa, ine ndikumva kuseka tsidya la mango. Tsiku lina ndinasuzumira pazenera. Ankawadzoza pang'onopang'ono ndi nsonga za zala, ngati akusoka ukonde watsopano. Ine anali asanandigwirepo choncho.

Chaka chatha kuchipatala cha ku boma kunabwera akafukufuku ofuna kutenga magazi a anthu a nthendayi. Apo zinawonjezeka: maulendo a panjinga yamoto, mayi Asiya ali kumbuyo atagwira abambo m'chiuno. Ulendo wina ndinati Latif akufunika sikelo, ndipo ndinawatsatira pa kabaza.

Namwino wa kafukufukuyo, mtsikana wotchedwa Temwani, atatha kutenga magazi anatifotokozera. Anati pansi pa zigamba zija timitsempha ta magazi timamera tambirimbiri, topiringizana ngati mizu ya namasupuni, n'chifukwa chake pamatuluka magazi msanga. M'magazi muli chinthu chimene chimauza timitsemphato kuti timere, ndipo iwo akuchiyeza kuti aone ngati chimachuluka nthenda ikamakula.

"Sitikulonjeza kuti tichiza, tikungofufuza," anatero.

Ine zonsezo ndinamva, koma funso langa linali lina. "Kodi imapatsirana?"

"Ayi, ngakhale pang'ono."

"Nanga kudzoza mafutaku, mpaka akhale mwamuna?"

Namwino anaseka. "Dzanja lililonse losamba bwino, mayi. Bola musamapale mambawo ngati mukupala chambo."

Mayi Asiya anandiyang'ana cham'mbali, thonje ali nalo pamkono. "Make Latif, funso limeneli mwachita kuchoka nalo kunyumba?"

Abambo ankangoyang'ana kalendala ya pakhoma.

M'mawa mwake linali tsiku langa. Ndinabereka mwana, n'kuwoloka bwalo abambo asanachoke kumzikiti.

"Odi, mayi akulu. Ndabwera kudzakudzozani."

"Chifundo chimenechi chagwa ndi mvula iti?"

"Abambo amatopa."

"Eya, amatopadi, osauka. Tsekani chitseko."

Anatsitsa nsalu. Pafupi, msana uja unandidzidzimutsa. Zigamba zinali zotentha, zina zong'ambika m'mphepete, ndipo ndikakhudza ankamanga mano. Munthu ameneyu amaima tsiku lonse pamoto wa usipa, thukuta likulowa m'ming'alu imeneyi, osadandaula.

"Pang'onopang'ono, make Latif. Mwamva namwino, si nsomba iyi."

Tili mkati, abambo anatulukira pakhomo, kofia ili kumutu. "Nanga ntchito yanga?"

"Yalandidwa," anatero mayi Asiya. "Pitani mukamwe tiyi kwa eni tsiku, asazizirenso."

Kuyambira pamenepo, pa masiku anga wodzoza ndine. Ndimafulumira, n'kubwerera kunyumba n'kupeza mwamuna wanga ali pamphasa yanga. Ndinkayesa kuti ndapambana. Koma iwo ankamwa tiyi, n'kutsegula wailesi, manja ali pamawondo mpaka nthawi yopita kudoko. Munthu ndinam'peza, koma manja aja anatsala tsidya la mango.

Mayi Asiya anaona okha kuti zala zanga zayamba kulimba pamsana pawo.

"Mukundikanda ngati ufa wa mandasi. Kwagwanji?"

Ndinangopitiriza kudzoza. Iwo anaseka, koma osati monyoza.

"Mukuyesa abambo anabadwa nawo manja amenewo? Poyamba ankandidzoza ndi kansanza atakamangirira kukamtengo, nkhope atayang'ana kukhoma. Ndinalira, ndinawapempha, mpaka anataya kamtengoko. Inu munawapemphapo chiyani, kupatula ndalama ya sopo?"

Anatapa vaselini wawo n'kundiikira pachivindikiro cha botolo. "Zidendene zanuzo zang'ambika ngati dambo la mpunga mu Okutobala. Tengani."

Ndinawoloka bwalo, manyazi atandigwira. Abambo anali pamphasa ndi wailesi yawo. Ndinaika chivindikiro chija pafupi ndi kapu ya tiyi, n'kukhala pansi, n'kutambasula miyendo. Anayang'ana mafuta, anayang'ana ine, kenako anachepetsa mawu a wailesi.

"Bweretsani phazi," anatero.

Anayamba ndi chidendene chakumanzere, pang'onopang'ono, ndi nsonga za zala, akuzungulira mng'alu uliwonse osaupweteka. Zinali zokoma moti ndinatsinzina. Koma ndili chitsinzinire, ndinadziwa msana umene zala zimenezi zinaphunzirirapo.