Maswichi Otsika a ku Rugare

Ndinaganiza zokafuna ntchito kunja kwa dziko, ku Kepi, chaka chimene penshoni ya Bambo inafika pongokwanira buledi. Iwo anakalambira ku njanji, monga anachitira bambo awo amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo chimene ntchitoyo inawasiyira ndi nyumba yathu ya ku Rugare mu Harare basi. Mayi anali atatisiya. Mchimwene wanga Misheki ankakhala m'chipinda cha kuseri ndi mkazi wake Chipo, n'kumagula ndi kugulitsa zitsulo zakutha ku Workington. Wina wa ife anayenera kuchoka, ndipo winayo anali ine.

Ku Kepi ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita m'hotela. Ndinkagona m'kachipinda ndi amayi ena amene sitinkamvana chilankhulo, ndipo ndinasungulumwa kwambiri. Chondisangalatsa chinali Lamlungu, Bambo akamacheza nane pa foni mpaka khutu kutentha, kundiuza amene wakwatiwa, amene wamangidwa, ndi amene wayamba kuyenda monyada mumsewu mwathu.

Kenaka macheza aja anayamba kufupika. Ndikaimba, Misheki ankati Bambo agona, kapena apita ku tchalitchi. Akandipatsa, iwo ankangoti "eya, eya" foni n'kuduka. Nthawi yomweyo m'pamene Misheki anayambitsa nkhani ya magetsi. Anati mawaya a m'nyumba ndi a nthawi ya agogo, soketi ya kukhitchini yapsa, ndipo pakufunika sola ndi batire chifukwa magetsi sakuchedwa kuthima. Anati wapeza kale munthu, Bambo Nkhoma a ku Warren Park, mkulu wa mpingo.

Ine ndinabadwa wokayikira, ndipo munthu akayamba kunditchulira za mpingo pa nkhani ya ntchito ndimagwira chikwama changa. Ndalama ndinatumiza, koma ndinalamula kuti chilichonse azichijambula.

Zithunzi zitabwera, mtima wanga unati ndagwira akuba. Maswichi onse anali m'munsi, cha m'chiuno mwa munthu. Ina inali pambali pa bedi la Bambo, ina panjira yopita kuchimbudzi. Sindine wa magetsi, koma ndikudziwa kuti waya amachokera kudenga. Swichi ikatsika waya amatalika, ndipo wolipira wayayo ndine. Ndinamufunsa Misheki chifukwa chake.

"Ndi sitayilo yatsopano, sisi," anandiyankha, n'kuyamba nkhani ya mvula.

Ndinaona kuti iye ndi mkulu wa mpingo uja akudyera limodzi thukuta langa, ndipo Bambo akuwatsekera pakamwa kuti asandiuze. Ndinapempha tchuthi, n'kukwera basi osauza munthu. Nditatsika mu Harare sindinapite kwathu. Ndinakwera kombi ya ku Warren Park ndi chikwama changa chomwecho, n'kufunsira nyumba ya Bambo Nkhoma.

Ndinawapeza pakhonde akukonza ayironi ya munthu. Sindinakhale n'komwe pampando umene anandipatsa. Ndinawaonetsa zithunzi zija n'kuwafunsa ngati kunyumba kwawo amayatsanso magetsi chowerama.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chikwama changa. "Mayi, kunyumba mwafikako?"

"Ndayambira kwa inu."

"Ine ndinaika pamene eni nyumba anandiuza. Zinazo woyenera kukuuzani si ine. Pitani kaye kwanu, mukafuna kunditukwana mudzandipeza pompano."

Ndinachoka ndili wotsimikiza kuti munthuyo wasowa chonena.

Pageti pathu ndinaona kuti masitepe a pakhomo anawagumula n'kuikapo simenti yotsetsereka. Zimenezo m'zithunzi munalibe. Chitseko chinali chotsegula. Bambo anali pabalaza, pa njinga ya olumala, dzanja lamanja lili gone pamiyendo, pakamwa patakhotera mbali imodzi. Chipo anali kuwapukuta pachibwano. Atandiona, Chipo anagwetsa kansalu kamene ankawapukutira.

Misheki anatulukira kuseri, n'kuima ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Anati sitiroko inawagwira Bambo miyezi ingapo m'mbuyomo, magetsi asanayambe n'kukonzedwa.

"Bambo anatiletsa kukuuzani, sisi. Anati mukamva musiya basa, ntchito yanu ya kuhotela ija."

Anandionetsa pakhoma. Pambali pa swichi iliyonse panali kachizindikiro ka makala kamene sikanafufutike bwino. Tsiku limene Bambo Nkhoma anabwera, Misheki anawayendetsa Bambo nyumba yonse, iwo n'kumalemba ndi dzanja lamanzere pamene angafikire ali chikhalire. Sankafuna kumaitana mpongozi wawo nthawi iliyonse akafuna kuwala.

Ndinakwiya, ndipo sindinabise. Ndinagwada pafupi ndi njingayo n'kuwafunsa ngati ine ndinasiya kukhala mwana wawo tsiku limene ndinakwera basi. Mawu awo ankatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Ukanabwera, Agi. Ukanabwera... tikanadya chiyani?"

Sabata imeneyo ndinazindikira kuti msewu wathu wonse unkadziwa. Amayi a kumpingo ankabwera mosinthana kudzathandiza Chipo. Wogulitsa matimati pakona ankadziwa, Bambo Nkhoma ankadziwa, ndipo onse anagwirizana kusunga pakamwa kuti ine ndipitirize kusita nsalu za alendo mtima uli m'malo. Ndinkaganiza kuti akundibera ndalama, pamene iwo anandichotsa pa matenda a bambo anga. Zimenezo zinandipweteka kuposa kuberedwa, komabe ndikayang'ana mankhwala a pa tebulo ndinkadziwa kumene ankachokera.

Ku Warren Park ndinapitanso, ulendo uno ndinakhala pampando.

Tchuthi chitatha ndinalongedza, chifukwa Bambo sananame. Ndisanatuluke ndinawagwira dzanja lamanzere lija.

"Bambo, zikadzavutanso, mudzandiuza?"

Anandiyang'ana, kenaka anapukusa mutu.