Ng'ombe Yojambulitsa

Amuna anga anabwerera kuchokera ku utenanti wa fodya ku Kasungu ali chimanjamanja. Kwathu kwa Changata munda ndi wa mkazi, ndipo wanga unali kamzere chabe, kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi mtsinje. Komabe kankatidyetsa. Abale anga anayamba kunong'ona kuti mkamwini wongodya abwerere kwawo.

Ndiye kunabwera anthu a bungwe lina, ati akutukula amene anasiya fodya. Ng'ombe ya mkaka, yaulere! Koma uyambe wamanga khola la malata ndi kudzala nsenjere zoti izidya.

"Mayi, ndibwerekeni mundawu," anatero amuna anga. "Nanenso ndioneke munthu pamudzi pano."

Chimanga chili m'mawondo tinachizula, n'kudzala udzu. Malata tinasasula padenga la nyumba yathu, ife n'kumagona pansi pa pulasitiki.

Ng'ombeyo inabweradi pa lole, yamawangamawanga, bere lake ngati ndowa. Amuna anga anavala jekete yobwereka. Alendo akunja anaomba m'manja, kujambula, wina mpaka kupukuta misozi. Anati tiseke, tinaseka. Anati tiigwire pakhosi, tinaigwira.

Alendo atangonyamuka, mlangizi wa bungwe lija anayamba kuikokera kulole.

"Iyi ikufunika kwa Nsabwe masana ano, alendowa akukaonanso kumeneko. Yanu ikubwera, bambo."

Ha! Ng'ombe imodzi boma lonse! Anthu opanda manyazi, mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwira. Inatisiyira ndowe basi.

Yathuyo sinabwere. Njala inatikwapula, ine ndinalowa ganyu yothyola tiyi, dengu kumsana, mvula pamutu. Amuna anga m'mawa uliwonse ankamweta nsenjere, kuziduladula bwinobwino, kuziika modyera, mawa lake kukazitaya zitafota. Pamsewu anthu ankawafunsa, "Tibwere ndi botolo, achimwene, kapena mkaka watha kale?"

Tsiku lina nditaweruka ndinapeza alongo anga, eni mbumba, ataima pakhomo, katundu wa amuna anga ali panja.

"Alamu, munda wa mlongo wanga mwausandutsa dambo, ana akugona ndi njala. Nyamukani."

Ndinalira, ndinagwada, koma alongo anga anangoyang'ana kumbali. Amuna anga anamanga mtolo wawo, n'kundiitanira pambali. Ndinkati andiuza kumene akupita.

"Ikabwera, mayi, muziipatsa madzi ambiri. Anati zimenezi sizipirira ludzu."

Anatsika ndi kanjira ka m'tiyi, ndipo sindinawaonenso.