Poto wanga wa ku Lupembe

Tusekile, lero pa depoti ya Karonga ndaona mtsikana ali pa kabaza, nkhuku ili m'khwapa. Ndangoti njo pakati pa msewu ngati chitsiru mpaka wa minibasi wandilalatira. Patha chaka chimwalirireni iwe, koma mtima ukukanabe.

Pa koleji yathu yaing'ono ija ndinalipo ndekha wa khungu loyera, mwana wa mmwenye wa ku Mangochi, Msilamu, Chinkhonde osamva ndi pang'ono pomwe. Onse ankangonditchula kuti Mwenye. Dzina langa unafunsa ndiwe wekha. Tsiku limene unanditengera kwanu ku Lupembe, ndinali nditakonza kale bodza loti m'mimba mukundipweteka, poti nyama yozinga aliyense sindidya ndipo ndinkaopa kukhumudwitsa amama ako. Osadziwa kuti m'mawa umenewo unali utapalasa njinga mtunda wautali, nkhuku m'khwapa, kukapempha bambo wina wachisilamu wa golosale kuti aizinge. Unagulanso poto watsopano woti sanalawepo nkhumba, n'kuphikiramo nthochi ndi nkhuku ija. Unandiikira mbale thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Asha, mbalagha iyi ndi yako. Idya, usandichititse manyazi." Ndinadya mpaka kunyambita zala, bodza lija n'kuliiwala.

Pamaliro pako amama ako anandikokera kukhitchini n'kundipatsa poto uja, ali mbee. Anati, "Tenga, mwanangu. Mnzako anatiletsa kuphikiramo china chilichonse, ankati ndi wa Asha akadzabweranso." Ndili naye kuno, Tuse. Sindinamuikepo pamoto. Nanga ndingadye ndi ndani?