Chamba cha Alamu M'munda wa Chinangwa

Ndinalembera boma kalata yoyamba yodandaula mu 2020, wailesi itangolengeza kuti aphungu avomereza ulimi wa chamba. Kope la kalatayo ndikusungabe. Chinandilembetsa ndi wandale wina amene anaima pa msika wathu n'kunena kuti fodya watha ntchito, chuma tsopano ndi chamba. Za chiphaso sanatchule. Zoti chololedwa ndi cha mankhwala ndi cha m'mafakitale chokha sanatchulenso. Anthu anawomba m'manja.

Mvula itagwa ndinapeza chamba chitamera pakati pa chinangwa, m'munda wathu wa m'tsinde mwa Michesi. Anadzala ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Chitukuko chimenecho, alamu. Kodi mapepala anu aja akutsekani makutu?"

Ine ndine mkamwini. Mundawo ndi wa kuchikazi, ndipo sindikanazula chodzala mwini mbumba. Koma wolimamo tsiku ndi tsiku ndinali ine, ndipo apolisi safunsa za mbumba, amagwira amene ali ndi khasu. Ukalamba wonsewu, ndikagone m'chitokosi? Chakudya chinaleka kulowa.

Ndinakhala pansi kulemba kalata yachiwiri. Mayi anandisuzumira.

"Bambo, mukulembanso? Chambacho sichidikira yankho, chafika m'mawondo."

M'mawa mwake anatengana ndi mng'ono wawo, n'kukazula chonse, n'kuchikwirira m'dzenje. Alamu anabwera akutukutira, koma mayi sanawapatse mpata.

"Achimwene, chitukukocho mukadzale kwa akazi anu. Munda uno ndi wa ana anga."

Alamu analeka kutipatsa moni. Kenaka, chimanga chisanache, apolisi anatenga bambo wina wa cha ku Fort Lister amene anawomba nawo m'manja pa msika paja, atamupeza ndi chamba m'munda. Sipanapite masiku, alamu anatulukira ndi nandolo wa mbewu m'thumba. Sanapepese, ine sindinawakumbutse. Tinangodzala m'malo munazulidwa muja, ndipo tsikulo ndinadya mpaka kupempha zina.

Mtima unakhala pansi, koma nkhani sinathe, pakuti makalata anga onse awiri sanayankhidwe. Choncho ndikupempha mwaulemu akuluakulu amene anapanga lamuloli kuti andiyankhe molemba: ndani anatumidwa kudzatifotokozera kuno kumudzi, ndipo bambo uja, amene anangokhulupirira zonenedwa pa msonkhano, mlandu wake ausenze yekha?