Chisanu Chimene Kompyuta Inakana Kuyaka

Fungo la fumbi lotenthedwa limandibweza m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu ku Dedza. Abambo anali mphunzitsi pasukulu ina ya mishoni, ndipo tinkakhala m'nyumba ya sukuluyo, m'munsi mwa mitengo ya paini. Miyezi yozizira nkhungu inkameza phiri lonse, zala n'kumauma, ndipo amayi ankatiyatsira mbaula kuti tiwothe tisanapite kusukulu. M'kachipindamo munali kompyuta, bokosi lotuwa lachitsulo, pamwamba pake pali chowonera chagalasi cholemera ngati mtondo.

Inachokera kwa abambo aang'ono, a Fabiano, amene anathawira kunja atalankhula zosayenera za boma pagulu. Anaitumiza kudzera kwa wansembe wina, itakulungidwa m'mabulangete. Kwathu dzina lawo silinkatchulidwa mokweza. Ine ndinali mtsikana wa sitandade faifi, koma ndinkadziwa kale kuti za makinawo sindiyenera kuuza ngakhale mnzanga wapamtima. Abambo ankalemberapo mayeso a ana awo asukulu, ndipo Loweruka ankandilola kudina zilembo za dzina langa, n'kumaziona zikutuluka zobiriwira pagalasi.

Tsiku lina magetsi anathima kwa nthawi yaitali. Atabwera, abambo anadina batani monga mwa masiku onse. Kanyale kanayaka, kamphepo ka m'kati kanayamba kuzungulira, koma galasi linangokhala bii. Kenaka bokosilo linayamba kulira, tii tii tii, ngati mwanapiye wosokera. Anazimitsa, anayatsanso. Chimodzimodzi.

Kuyambira pamenepo nyumba inasintha. Abambo akaweruka ankangolowa m'kachipindamo, jekete asanavule. Anayesa soketi ina. Anamasula pulagi ndi nsonga ya mpeni kuti aone fyuzi. Anabwereka chingwe cha ketulo, poti chinali chofanana ndi cha kompyutayo. Anaganiza kuti mwina ndi chinyezi, n'kuiika pafupi ndi mbaula masana onse, amayi akuiyang'anira ngati wodwala. Sizinathandize. Ku Lilongwe kunali anthu odziwa kukonza, koma wokonza aliyense akanafunsa kuti mphunzitsi wamba waitenga kuti. Tsono ankangowerenga kabuku kake kachingerezi, chala chikuyenda pansi pa mawu, tiyi akuzizira patebulo.

Ine ndinkaopa chilichonse. Ndinkaopa kulira kwa bokosilo, ndinkaopa kukhala chete kwa abambo pachakudya. Kusukulu aphunzitsi akandiyang'ana kawiri, ndinkayesa adziwa. Popemphera m'tchalitchi ndinkapempherera kompyuta, koma osaitchula dzina, kuopa kuti wogwada pafupi nane angamve.

Lamulungu lina masana, abambo anamasula zomangira n'kutsegula bokosilo. M'kati munali fumbi, timawaya, ndi thabwa lobiriwira lokhala ndi tizidutswa takuda ta miyendo yambiri ngati tizilombo. Tili chiweramire, tinamva "Odi!" pakhomo. Anali a Kamwendo, amene ankayenda m'makomo kugulitsa makadi a chipani. Amayi anavula chitenje chapamwamba, n'kuphimba zonse, n'kuikapo lichero la mbatata ya kachewere. Abambo anatuluka akupukuta manja m'thalauza.

Ndinatsala ndekha m'kachipindamo, chitseko chili chotsekula pang'ono. Ndinkamva a Kamwendo akudandaula za kuzizira, akufunsa za ana, akuseka. Kenaka anati, "Nanga achimwene anu aja, mumamva za iwo?"

"Ayi, sitimva kalikonse," anatero abambo.

A Kamwendo anamwa tiyi wawo mosafulumira, ndipo atachoka, amayi anangokhala pansi pakhonde.

Ndinkayesa abambo asiya tsiku limenelo, koma anabwerera. Anali atawerenga m'kabuku kuja kuti kuzizira ndi kutentha kukamasinthana, tizidutswa takuda tija timaguluka pang'onopang'ono m'malo mwake, ndipo timafunika kukanikizidwa. Anazula pulagi, n'kulowetsa dzanja, koma zala zawo zinali zazikulu.

"Tereza, bwera mwanawe," anandiitana. "Gwira kaye chitsulochi. Tsono kankha kalikonse ndi chala chachikulu. Pang'onopang'ono."

Ndinkaopa kuti ndithyola kanthu, ndipo mphuno yanga inali kuchucha ndi chisanu. Ndinakankha koyamba, sikanasunthe. Kena, chimodzimodzi. Chakumapeto, pansi pa mtolo wa mawaya, kamodzi kanati tswa, n'kulowa. Abambo anabwezera pulagi, n'kundiuza kuti ndiime patali. Anadina batani. Kamphepo kanazungulira, bokosi linalira kamodzi kokha, ndipo zilembo zobiriwira zinayamba kutsika pagalasi.

Ndinafuna kufuula, koma amayi anandigwira pakamwa, iwo eni akuseka misozi ili m'maso. Abambo sanalembe kalikonse tsiku limenelo. Anangokhala pampando, manja ali pamaondo, mpaka dzuwa linapendeka.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti ndapulumutsa mayeso a sukulu yonse, ndipo ndinkayenda monyada ndi chinsinsi changa. Nditakula, amayi anandiuza kuti mayesowo abambo anali atawalemba kale pa tayipilaita ya ku ofesi, sabata yoyamba yomwe ija. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali china. Miyezi inali itapita osamva ngati mng'ono wawo ali moyo, analibe womufunsa, ndipo sakanatha ngakhale kudandaula poyera. Pa zonse zokhudza a Fabiano, bokosi lija lokha ndi limene akanatha kulitsegula ndi manja awo n'kuyesa kulikonza.